Mlembi wa kwa a Hamer

Lolemba ndimafika ku Clun kusanayere bwino,
nkhungu itakhala paphiri ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Galu wa a Hamer anasiya kundiuwa.
Amangonunkhiza tayala n'kubwerera kokagona.

Ofesi yanga ndi kachipinda kuseri kwa khitchini,
kale ankasungiramo mazira.
Pazenera pali jakisoni wa nkhosa, msomali wopindika,
ndi bokosi la nsapato
momwe mwagona chaka chonse cha munthu:
malisiti a dizilo, ena onyowa, ena opaka ndowe,
lina analembapo nambala ya dokotala wa ziweto
pamwamba penipeni pa mtengo womwe ndikuufuna.

Kuno ng'ombe ili ndi pasipoti.
Ndinaseka tsiku loyamba,
ine amene ndinadikira yanga miyezi isanu ndi inayi.
Thole likabadwa usiku,
nambala ya pakhutu pake imadutsa m'zala zanga
kupita ku boma masiku asanathe.
Ndikaphonya imodzi yokha
ng'ombeyo sikwera lole ya kumsika.

Wandifunsa, Nyembezi, kuti khomo lake lili pati.
Langa linali lakumbuyo.
Ndinkasankha mbatata pa lamba ku Leominster,
zala zitafa ndi chisanu,
ndipo Lachisanu lina malipiro anga anaperewera maola atatu.
Ndinawerengetsera pachikatoni, n'kupita nacho ku ofesi
mtima uli phaphapha.
Mayi Beddoes anatsitsa magalasi,
anayang'ana chikatoni, anayang'ana ine.
Anati, wakuphunzitsa ndani kusunga masamu chonchi?
Ndinati, umphawi.
Sanaseke. Anandilembera dzina la koleji.

Lachiwiri ndi Lachinayi usiku, basi ya ku Hereford.
Zolowa kuno, zotuluka uko,
msonkho, malipiro a antchito, kompyuta yokana kumva.
Ndinkasinza pa mzere wachitatu
fumbi la mbatata likadali m'zikhadabo.
Satifiketi inabwera m'envulopu yopyapyala.
Mayeso a galimoto ndinalephera kawiri;
timisewu ta kuno n'topapatiza,
ukakumana ndi thirakitala wobwerera m'mbuyo ndiwe.

Kenako chaka chathunthu ndikunyamulira Mayi Beddoes chikwama
famu ndi famu,
kuphunzira kuvula jombo pakhomo,
kulandira tiyi ngakhale wachitatu,
kudziwa kuti mlimi akati zili bwino
uyambe watsegula kalata za ku banki
zomwe wazibisa pansi pa wailesi.
Mawondo awo atatopa anandisiyira mafamu anayi
ndi mawu amodzi:
zomwe waona kwa a Hamer zisakwere nawe galimoto.

Zimenezo kalasi siphunzitsa.
Siphunzitsanso poika maso
bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri
akaima pakhomo chipewa chili m'manja
n'kufunsa, nanga chaka chino tatuluka?
Iwe ukudziwa kuti feteleza wadya ana a nkhosa onse
asanabadwe n'komwe.
Ndimawakokera mpando.
Ndimatembenuza kompyuta kuti tione tonse,
chala changa chikuyenda pang'onopang'ono
mpaka pomwe pali kampata kopumira.

Mwezi watha kunagwa chipale.
Analowa osagogoda, atafungata kamwana ka nkhosa
kozizira ngati mwala wa mumtsinje,
anakhuthula malisiti anga onse patebulo,
n'kukagoneka m'bokosi muja, pafupi ndi chotenthetsera
pansi pa desiki yanga.
Sanapepese. Inenso sindinafunse.
Ndinapitiriza msonkho wa miyezi itatu.
Cha m'ma leveni ndinamva chinthu
chikukoka chingwe cha nsapato yanga.

Ndiye ngati ukufunadi, yamba ndi masamu,
pempha wina akulole umunyamulire chikwama,
gula jombo zokula pang'ono
kuti masokosi awiri alowe.
Kankhosa kaja kali moyo.
Nambala yake imathera ndi foro seveni,
ndinailemba ndekha.