Kanyumba ka Kuseri

Khasu lagona nafe kuchipinda miyezi isanu ndi itatu.
Matumba awiri a fetereza ali pansi pa bedi,
wilibala pakhonde,
njinga yatsamira firiji ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Nasibeko anati: wina atuluke muno,
katunduyu kapena ine.

Loweruka ndinayeza kuseri ndi mapazi,
asanu ndi limodzi uku, anayi uko,
pakati pa mpapaya ndi waya woyanikapo zovala.

Mtima unathamangira njerwa.
Ku Chinamwali uvuni unali usanazizire,
mnyamata anagundanitsa ziwiri, zinalira ngati mbale zadothi,
ine m'mutu khoma litafika kale pa zenera.
Madzulo Nasibeko, maso ali pa mbatata imene amasenda,
anangofunsa: kodi nyumba ino ndi ya yani?
Njerwa sizikwera lole tsiku losamuka.
Ukamanga wamangira eni ake,
mwezi wamawa adzakweza lendi
poti tsopano nyumba yawo ili ndi sitolo.

Basi, matabwa.
Paini wotsika m'phiri, akadali kudontha utomoni,
wotchipa, wonunkhira, woyera ngati buledi.
Che Likaka anakanikiza chikhadabo, chinalowa.
Uyu ndi wamuwisi, anatero,
pofika Okutobala adzakhala atapindika ngati nthochi,
ndipo chiswe cha kwanu ku Sadzi
sichidikira kuitanidwa.
Tinasankha wouma, wopepuka m'manja,
nsanamira za bulugamu zinayi,
miyendo yake yomwetsedwa oyilo wakuda wa ku galaja.
Mlombwa ndinangousisita.
Atanena mtengo wake ndinabweza dzanja m'thumba.

Malata ndiwo anandisowetsa tulo.
Lopyapyala ndinaligwedeza m'sitolo,
linachita phokoso lalikulu ngati munthu wopanda mfundo.
Mvula ya ku Zomba sibwera kudzacheza:
imatsika ndi chifunga cha ku Mulunguzi,
n'kuvula nsapato, n'kukhala sabata.
Padenga ndinagula atatu okhuthala, ndalama inathera pomwepo.
A m'mbali ndi akale,
ochoka pa tchalitchi chimene anaphwasula ku Matawale,
dzimbiri m'mphepete, mabowo a misomali ya anthu ena.
Amvapo nyimbo zambiri malata amenewa,
tsopano azisunga fetereza.

Misomali ayi, anatero Nasibeko. Mabawuti.
Chimene tamanga chizitha kumasuka.
Ndinawerenga makumi atatu ndi awiri m'kapepala,
sipanala ndinaikoleka kuseri kwa chitseko.

Dzulo a landilodi anabwera, anakazungulira kawiri,
anagogoda khoma, anayang'ana pansi
pamene nsanamira zangokhala pa miyala
ngati munthu wodikira basi.
Sananene kanthu.

Mabowo ndinamata ndi phula, kupatula limodzi
limene sindinalione.
Dzuwa likamapendekera ku Chingale
kakuwala kamalowa pamenepo
n'kutera pa mpini wa khasu.
Ndipamata mawa.
Kuchipinda kwakula moti tikalankhula mawu akubwerera,
ndipo usiku wathawu Nasibeko anadzuka
kufunsa ngati ndinatseka loko.