Marandi Awiri

Chimbudzi cha pa Bree ndi marandi awiri.
Ndinawerengera: katatu patsiku, Lolemba mpaka Loweruka,
pakutha pa mwezi ndi nsapato za Lonjezo za kusukulu.
Ndiye ndinaphunzira kupirira.
Ndinkaluka tsitsi la anthu nditapana miyendo,
madzi osalawa mpaka matakisi atayamba kuchepa,
kasitomala n'kumati manja ako ndi achangu,
osadziwa chimene chikundithamangitsa.

Lachiwiri usiku chikhodzodzo chinabwera kudzalonjerera ngongole.
Timadontho titatu, tonse ta moto,
ngati wina wanditikitira kambuzi m'kati.
Ndikangofika pa matiresi, chandiitananso.
Kasanu ndi kawiri ndinadutsa m'fuleti yathu ya ku Yeoville
kulumpha miyendo yotulukira pansi pa makatani,
mpaka Enelesi anadzutsa mutu:
Iwe, ulonda wayamba liti?

Kutacha nyumba yonse inasanduka madokotala.
Soda. Adyo. Mizu ya kwa bambo wina ku Faraday.
Wina ananong'ona kuti izi n'za amuna izi,
ine amene wanga ali ku Ntcheu, chaka chachiwiri chino,
nkhope yake ndimaionera pa galasi losweka la foni.

Ku kiliniki ya Hillbrow ndinafika kusanayere,
mzere utakhota kale pakona.
Pasipoti yotha masiku
inkandiwotcha m'kamisolo kuposa nthendayo.
Sisitala Maluleke anaiyang'ana, nandiyang'ana ine,
nandipatsa kabotolo.
M'kachipindamo ndinaseka ndekha:
chimbudzi chaulere, choyera, pepala lilipo,
ine wopanda choti n'kusiyamo.

Anaviika kapepala, kanasintha mtundu.
Kenako kathumba ka pulasitiki, makapisozi achikasu makumi awiri.
Kanayi patsiku, utadya.
Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, usaope.
Ukamva bwino usasiye, umalize onse.
Msana ukayamba, thupi likatentha, ubwere, usadikire mawa.
Ndipo uzimwa madzi, mama. Uzikodza.
Anayankhula Chizulu koma ndinamva zonse.

Utadya. Liwu limenelo ndi limene linandivuta.
Wodya kawiri amwa bwanji kanayi?
Theka la buledi ndinalidula panayi,
nthuli iliyonse kuperekeza kapisozi wake
ngati mwana wopita naye kusikelo.

Tsiku lachitatu moto unazilala.
Ndinakhala pachimbudzi kumvetsera madzi anga akutsika
osaluma milomo, osagwira khoma.
Madzulo omwewo Enelesi anabwera, dzanja lili pachinena:
Undigawireko awiri okha. Si nthenda yomweyo?

Otsala anali asanu ndi atatu.
Kwathu sitimanana. Mchere, machesi, chitenje cha pamaliro.
Mkazi ameneyu anandilandira pa Park Station
ndili ndi chikwama chimodzi ndi nambala yolembedwa pamkono.
Ndinamumana.

Anatembenukira kukhoma, osandiyankha ngakhale gonani bwino.
Folo koloko ndinamugwedeza phewa.
Ndinamuimira pamzere, iye atakhala pasimenti
atadzikulunga m'bulangete langa,
akunditukwanabe chapansipansi.
Mitu iwiri inandiphonya tsiku limenelo.

Kapisozi womaliza ndinamwera pamsewu,
chipeso chili kukamwa ndinachita kuchotsa.
Kathumbako sindinataye, sindikudziwa chifukwa chake.

Tsopano pansi pa mpando wanga pamakhala botolo la madzi,
ndipo m'thumba lakumanzere muli ndalama zosakhudza.
Mayi wa pachitseko cha chimbudzi wadziwa dzina langa,
amalitchula molakwika, ndimavomera.

Lonjezo watumiza mawu dzulo,
akuti chala chachikulu chayamba kusuzumira panja.
Ndamuuza mwezi wamawa.
Ndauza kasitomala, dikirani pang'ono, ndikubwera,
ndamusiya mutu theka woluka theka wosaluka,
ndawoloka msewu,
ndalipira.