Zitseko Zitatu pa Nchalo

Tinaiona koyamba dzuwa likuswa mtengo,
phula la pa Nchalo likumata ku nsapato.
Mdadada wa zitseko zitatu, malata adzimbiri,
pakhoma mzere wa matope wofika m'chiuno
pamene madzi a chaka chija anaima
n'kusiya chidindo chawo.
Iwe, Zuze, unagogoda njerwa ndi chala
ngati ukuyesa chivwende.
Unati: yapsa iyi, tigule.

Ng'ombe zinayi zinakwera lole ku Ngabu.
Ine ndinamasula mpango
wa zaka zisanu ndi zinayi za thonje,
za masau owuma, za mchere woyeza pa kapu,
ndi ngongole ya banki m'khonde pamwamba pake.
Usiku unalemba pansi ndi kamtengo:
chitseko ichi fizi ya Felesiya,
ichi mbewu, ichi chathu chokalambira.
Tinaiwala mlendo wachinayi
wosafuna chitseko.

Anatikumbutsa ndi mtsikana wa ku ofesi ya msonkho,
fani ikuzungulira pamutu pake ngati kabawi wotopa.
Anati: lendi ndi phindu, amayi,
ndipo phindu lili ndi mwini wachiwiri.
Sitampa yosinthira dzina ili ndi mtengo wake.
Khonsolo nayo idzabwera ndi kabuku.
Akalowamo a bungwe
adzadula okha gawo la boma
ndalama isanafike m'manja mwanu;
musadzati akuberani, dzafunseni chikalata.
Kenaka, cholembera chili m'mwamba:
Tilembe dzina la ndani?

Unatsokomola.
Ndinamva ntchentche ikugunda galasi.

Malipiro ako a ku nzimbe amafika atametedwa kale.
Lendi ikakwera pamwamba pake, anatero mtsikanayo,
lumo lidzalowa mozama.
Ine ndilibe pepala la malipiro,
ndili ndi zipsera za thonje m'zala.
Koma mtima wanga sunali pa lumo.
Unali ku Bangula, kwa Nyasemba,
amene alamu ake anamutulutsa ndi mphasa yokha
nkhata za pamanda zisanafote,
chifukwa pepala silinkamudziwa.

Lembani awiri, unatero, osandiyang'ana.
Zuze Kampira. Rozina Kampira.
Inki inauma msanga.
Kuno chilichonse chimauma msanga
kupatula chimene Shire wakhudza.

Sungani malisiti, anatitsanzika motero,
a misomali, a laimu, a mankhwala a chiswe;
zimene mwawononga pokonza
zimachepetsa zimene tidzafune.
Iwe amene unkataya lisiti usanatuluke m'golosale
tsopano umapempha ngakhale kwa wa kabaza
amene wanyamula thumba la simenti.
Iye amaseka, n'kung'amba kope la mwana wake,
n'kulemba dzina lake lonse, ndi la mudzi womwe.

Ndawaika m'botolo la mafuta ophikira,
ndatseka, ndamangirira ku phaso
mikono iwiri pamwamba pa mzere wa matope uja.
Madzi akadzabweranso atenge mipando,
atenge nkhuku ngati akufuna,
koma asadzanyambite manambala.

Lero kuseri kwa chitseko choyamba kuli mphunzitsi,
chachiwiri telala ndi makina ake olira mpaka usiku.
Chachitatu chikadali chokhoma,
mbuzi za aneba zimathawirapo dzuwa osalipira.
Mwezi ukatha ndimagawa ndalama pamkeka:
mulu wa ngongole, mulu wa fizi,
ndi kamulu kena kamene sitikhudza
ngakhale ndiwo itakhala therere sabata yonse.
Umakayang'ana n'kupukusa mutu:
ameneyu sanasenze njerwa ngakhale imodzi,
koma amadya nafe mbale imodzi.
Ndimati: msiye,
mwina ndi amene adzakweze msewu
paja madzi amatidula chaka ndi chaka.

Umati: mwina.
N'kupopa tayala la njinga,
kukakumbutsa telala za mwezi watha.