Lilime Lobwereka

Mbiya ya kabanga yagona masiku asanu kuseri kwa chitseko.
Dzulo anyamata a kabaza a pa Khombedza
anagawana chipanda chimodzi anthu atatu,
napukuta milomo, nalipira osanenerera.
Munthu akalipira mwaulemu chotero
dziwa kuti sabweranso.

Ndiye ndatuma mwana kwa a Mdzeka,
amene analondera fakitale ya thonje zaka makumi awiri,
ndipo mowa wa dera lino amaudziwa
monga mlonda adziwira galu aliyense ndi kauwidwe kake.

Afika, akhala pa mtondo wogoneka.
Sathamangira kumwa.
Ayamba anunkhiza atatsinzina,
kenako kadontho pansonga ya lilime,
nkukayendetsa m'kamwa ngati mwana woyamwa siwiti wakuba.

"Chimera munayanika pati?"
Pa mkeka, pabwalo.
"Kamvula ka Lachiwiri kaja kanachipeza.
Muli chuku umu, chapatali ndithu,
ngati thumba la mtedza loiwalika m'nkhokwe."

Amwanso. Nkhope yachita makwinya.
"Mgolo ndi watsopano?"
Ndinagula kwa amakaniko ku Kamuzu Road,
ndinautsuka katatu, phulusa ndi mchenga.
"Dizilo samva phulusa, mayi.
Amabisala mu msoko wa chitsulo
nkumadikira moto."

Madzi awadziwanso.
Akuti si a pachitsime cha kudambo,
ndi a pa mjigo wa kusukulu, wamchere uja
umene ngakhale sopo amaukana thovu.
Zoona. Chitsime chatalika chaka chino,
kapena miyendo yanga ndiyo yafupika.

"Kuwawasaku sindikudandaula nako.
Kabanga wokalamba ayenera kuluma.
Koma aziluma ngati bwemba,
kuluma koitana chipanda china.
Uyu akuluma ngati ndimu yosapsa.
Mbiya inamva malata masana,
mowa unathamanga, nufika usanakhwime."

Ndati atha.
Ndayamba kale kumasula ndalama pa mfundo ya chitenje.
Iwo chete, chipanda chili m'manja,
akuyang'ana matsokwe akukhazikika pansi.

"Pali china, Nagama.
Phala linapserera,
wina nkupala mkute wakuda uja, nkuutakasira momwemo.
Mowa wanu ndaumwa kuyambira muli ndi mwana mmodzi kumsana,
simunapserezepo.
Mukanalawa, mukanataya tsiku lomwelo.
Simunalawe kodi?"

Ndinalawa.
Ndinalawa m'mawa, ndinalawa usiku,
ndinalawa mpaka mutu kuzungulira.
Chichokereni kuchipatala mwezi wa Febuluwale
ndi mapilitsi aja a chifuwa,
lilime langa ndi chikopa cha nsapato.
Mchere, shuga, tsabola wa kambuzi,
zonse ndi madzi otsukira mpunga.
Ndiwo ndimathira mchere powerenga zala,
nkumayang'ana nkhope za ana.
Palibe amene ndinamuuza.
Wofulula wopanda lilime ndi ndani?

A Mdzeka sanandiyang'ane.
Anakweza chipanda chija,
chuku, dizilo, mchere, mkute ndi zonse,
gwa, gwa, gwa, mpaka matsokwe.
Anabiza, nati:

"Mgolowo muzisungiramo madzi ochapira.
Mbiya ipite pansi pa mango, muifunditse chiguduli chonyowa.
Madzi a kudambo akakutungireni anyamata a kabaza omwewo,
ali ndi ngongole ya ludzu.
Lachinayi mukamatsira chimera chachiwiri mundiitane.
Lilime ndili nalo, mbiya ndilibe.
Mtengo wake chipanda chimodzi,
ndipo pakamwa panga padzatuluka za mowa zokha."

Wotsalawo tinakhuthulira nkhumba za a Nasoko.
Zinagona chagada mpaka dzuwa kupendeka,
imodzi ikuliza mkonono ngati chigayo cha pa msika.

Usiku uno ndaviika mawere ena.
Ndapisa dzanja m'mphika,
ndatola njere imodzi, ndailuma.
Sindikumva kanthu.
Koma mano akuti yafewa bwino,
ndipo mano sanadwale.