Kalata ya mu Anyezi

Twaibu anabwera ku tchuthi kuchokera ku Bunda
ndi nsapato zonyezimira, komanso nkhani
yoti chomera chilichonse chili ndi kalata m'kati mwake,
yopindidwa kwambiri moti diso silingaione.

Anandipeza pa benchi langa ku Namwera
ndikuunjika anyezi atatuatatu.
Anatola mmodzi, wophukira kale kumutu:
"Anti, kalata ya uyu
ndi yaitali kasanu kuposa ya munthu."

Ndinaseka mpaka chitenje kumasuka.
Anyezi? Yemwe ndimaikira basera?
Walemba zotani zochuluka chotero?

Akuti zilembo zake ndi zinayi zokha,
zomwezo za mlambe, za therere, za chitedze,
ngakhale kaufiti wofinya chimanga changa.
Akuti ya mpunga ndi yaifupi,
koma taonani, umadyetsa ukwati wonse.
Akuti ya anyezi imangobwerezabwereza
ngati mlaliki woiwala pothera.

Ndiye ndinamufunsa za mapira ofiira aja
omwe bambo ankapachika kudenga,
owawa, mbalame zinkangowalambalala.
Twaibu anayang'ana nsapato zake.
Kalata imeneyo palibe anaiwerenga.
Tinaidya chaka chanjala chija,
ndi mbewu yomwe.

Usiku ndinatenga wophukira uja
n'kuyamba kumusenda:
khoko, khoko lina, linanso,
mpaka pamtima pake pobiriwira.
Sindinapeze chilembo n'chimodzi chomwe.
Maso okha ndiwo anadzadza,
ndipo sindinawapukute msanga.
Mwina kuwerenga kwake n'komweku.