Masiku a Mchere

Pa doko la Hull, folo koloko mbandakucha,
chifunga chagona pamadzi ngati galu wokalamba.
Ndadula loko wa kontena,
chitseko chalira,
ndipo fungo latuluka loyamba, ngati ndilo mwini katundu.

Zikopa mazana asanu ndi limodzi,
zopinda ubweya mkati, zosanjikizana mpaka kudenga,
khola lathunthu lopanda mpweya.
Mchere wayera mbee m'mphepete mwake.

Pepala likuti zinaphedwa zili zathanzi.
Pepala likuti dokotala wa ziweto anaziona ndi maso ake.
Koma pepala lilibe mphuno,
silinagwadepo pansi pozizira ndi tochi kukamwa.
Ine ndimagwada.
Ndimapisa dzanja m'mapindo momwe mchere suufika,
kukhwapa, kuseri kwa khosi, potulukira mchira,
kufuna nkhupakupa yokwera sitima popanda tikiti,
kambewu kokakamira ku ubweya,
kadothi ka dziko la eni.

Chikopa cha makumi anayi ndi chiwiri
chili ndi chipsera cha waya waminga pantchafu.
Iyi inali yothyola mpanda, ndikutero mumtima.
Pansi pake ndi pofewa, ponyowa,
magazi sanade bwinobwino.

Ndabwerera ku chidindo, ndawerenga ndi zala.
Tsiku lothira mchere, tsiku lokweza, tsiku la lero.
Ndawerenganso.
Akupelewera masiku atatu.

Bambo Thackray aima panja, manja m'thumba la jekete,
wofufuta zikopa, mwana wa wofufuta zikopa,
zikhadabo zawo zinasanduka za khofi kalekale.
Akuti, Mayi Relph, atatu okha?
Ndili ndi anthu khumi ndi anayi akudikira,
maenje anga ali pululu chiyambire Lolemba,
wosoka zishalo ku Walsall wandiimbira kale kawiri.
Atatu okha, mayi. Chakufa chilumanso ndani?

Sindinawayankhe msanga.
Ndikanawauza za kwathu ku Cumbria,
chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi,
pamene matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi
analumpha mipanda yamiyala ngati sailiko.
Anabwera amuna ovala zoyera mpaka kumutu.
Zathu sizinadwale n'komwe, zinangokhala pafupi.
Bluebell, yomwe inkandinyambita tsitsi,
ndinaizindikira pamulu ndi khutu lake long'ambika,
miyendo m'mwamba, ikuloza kumene utsi unkapita.
Utsiwo unakhala m'makatani mpaka Khirisimasi.
Ndipo bambo anga, sabata zingapo pambuyo pake,
ankadzukabe usiku, kutenga ndowa,
kukaima pakati pa khola,
n'kubwerera kudzakhala pampando nsapato zili kuphazi.

Palibe anaona chimene chinalowa.
Chinalibe fungo, chinalibe chiphaso,
wina wake kwina kwake anangoti, n'zochepa izi.

Koma izo si za pafomu.
Fomu ili ndi kabokosi kakang'ono, kokwana mawu awiri.
Ndalembamo: zisungidwe kaye.
Ndamanga kansalu kofiira pachitseko,
ndaika loko watsopano, ndawerenga nambala yake mokweza.

Bambo Thackray ayang'ana kunyanja nthawi yaitali,
ngati sitima ingabwerere kudzatenga cholakwa chake.
Kenako afunsa ngati pano pali pogula tiyi.
Ndawalozera kagalimoto ka Maureen kuseri kwa sikelo.
Sanatsanzike. Sindikuwadandaula.

Ndaponda m'beseni la mankhwala, phazi ili, phazi ilo,
ndavula magolovesi, ndawaponya m'thumba lokawotcha.
Limodzi linali litabooka, sindinadziwe.
Mchere walowa m'kabala ka pachala chamkombaphala
ndipo ukundiluma,
ukhala ukundiluma mpaka madzulo.

Kwacha tsopano, mwa mtundu wake wa kuno, kotuwa.
Kireni yanyamula kontena ina m'mwamba,
ikulendewera, ikufuna pokhala.
Kuseri kwa mzinda, kupitirira mafakitale ndi njanji,
kuli minda imene sindinapondemo,
ndi ng'ombe zimene sizidzandidziwa,
zikudya udzu wonyowa, zikopa zili pathupi.