Vinyo wa M'bokosi

Mvula ya kuno siwerenga kalendala.
Inandipeza ku Katoto ndikusaka kabaza,
bokosi la vinyo nditalifungatira m'jekete
ngati khanda lochokera kusikelo.
Ndi wotchipa uja, wa pashelefu yapansi,
amene umachita kuwerama kuti umutole.

Ku Chibavi magetsi anali atathawa kale.
Suzgika anakoleza mbaula pakhonde,
nyemba zofiira zikubwata chiyambire masana,
mpunga wa ku Karonga ukutiulula kwa aneba,
mpiru wokazinga ndi tomato mmodzi yekha
poti mwezi unali utafika pakhosi.

Makapu athu ndi atatu, osafanana:
yagalasi, yapulasitiki,
ndi yachitsulo yothothoka pamlomo.
Yagalasi tinapatsa mlendo,
mlamu Walusungu, wongofika kuchokera ku Kepetawuni
ndi nsapato zosongoka zosadziwa matope athu.

Anayang'ana bokosi, anayang'ana nyemba,
napukusa mutu.
"Wofiira amayenda ndi nyama yootcha, alamu,
ndipo samwera m'kapu ya tiyi.
Umayamba wamuzunguza, kenako n'kununkhiza.
Umamva zipatso, umamva thabwa,
mwinanso dothi la kumene anamera."

Ndinazunguza. Anatayikira pa thalauza.
Ndinanunkhiza. Ndinamva utsi wa makala
ndi jekete langa lonyowa.
Suzgika anaseka mpaka kutsamwa.

Kukamwa koyamba amakhakha
ngati nthochi yothyoledwa msanga,
lilime limakwinyika, limafuna kudandaula.
Koma mutsatizeni ndi supuni ya nyemba,
msuzi wake wokhathamira uja,
muone mmene amafatsira,
mmene amatsikira mwaulemu
kukayatsa kamoto pansi pa nthiti
pamene nkhungu ya ku Kaning'ina
ikulowera pansi pa chitseko osaodira.

Mlamu anasiya kulalikira.
Supuni yokha ndiyo inkayankhula ndi mbale.
Anapempha zina. Anapala ndi zapansi pa poto.
Kandulo itafika theka, anati,
maso ali m'kapu:
"Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuthirira anthu,
dzanja lina kumbuyo,
mabotolo oposa lendi ya nyumba ino.
Mayina awo ndimawadziwa onse.
Koma kukhala pansi chonchi,
mbale yangayanga, kapu yangayanga,
aka n'koyamba."

Palibe anayankha.
Malata okha ankadontha mu beseni.
Suzgika anangotenga kapu yake ija
n'kuyiyika pansi pa kampopi.

Bokosi limodzi limatifikitsa kutali
ngati sitichita nalo dyera.
Lachisanu linaperekeza usipa wouma,
Loweruka mbalaga ya mafupa okhaokha,
Lolemba mazira awiri ogawana anthu atatu.
Anyamzumara a kuseriku amati
vinyo malo ake ndi pa Mgonero basi,
koma mchere wawo umatha
nthawi yomweyo ife tikamapakula,
ndipo kapu yachitsulo sanayikanepo.

Tsiku loperekeza mlamu kudepoti
ndinang'amba bokosi, ndinatulutsa thumba lonyezimira,
ndinalikama ngati mbuzi yokalamba.
Panatuluka timadontho tokwana kunyowetsa milomo itatu.
"Yewo," anatero, nsapato zili matope okhaokha,
ndipo sanazipukute.

Pano wabwerera kokaimirira kumbuyo kwa mipando.
Ife tikadali kuwerama pashelefu yapansi
mwezi ukatha, malipiro akalola.
Kapu yagalasi ili m'kabati, yovundikira.
Thumba lija Tiyezge analipopa ndi pakamwa,
ndi uyo akulimenya pabwalo ndi anzake,
likung'anima m'matope,
mvula ikubweranso.